Nthochi mu açaí wa Dona Orlandina

Gleice anamuchenjeza Caíque asanakwere n'komwe boti. Anamuchenjezanso ali pakati pa mtsinje, injini ikusokosa, mpaka anachita kukuwa ngati akuitana munthu wa tsidya lina.

"Chilichonse chimene amayi akuikire patebulo, udye. Wamva? Usafunse mafunso. Usaphunzitse munthu. Ungodya basi."

"Aaa iwe, ukudandaula chiyani? Ine ndi munthu wa zakudya zachilengedwe," anatero Caíque uku akusisita kachikwama kake. "Ine ndi mayi akowo tigwirizana pompo."

Gleice anangotseka maso. M'kachikwamamo munali timabotolo ta timbewu ndi mtedza, zimene mwamunayo amayenda nazo paliponse ngati mankhwala a mphumu kkkk.

Nkhani yake ili chonchi. Gleice amagwira ntchito mu sitolo ya mankhwala ku Belém, ndiye ndi komwe anakumana ndi Caíque, mnyamata wa ku São Paulo wophunzitsa anthu kunyamula zitsulo mu jimu. Anagwirizana zokwatirana. Koma kwathu kuno kuchilumba ngakhale mwana amadziwa kuti mtsikana wa Dona Orlandina sakwatiwa mayi akewo asanavomere, ndipo mayi amenewo munthu amamuyesera patebulo. Nkhope alibe nayo ntchito, za kusukulu safunsa. Amangoona mmene ukudyera. Gleice sankafuna ukwati wongosainirana kuofesi amayi ake kulibe, ankafuna wapakhomo pano, wa phokoso, azakhali onse akulira. Ndiye Lamulungu limeneli linali la zonse.

Atafika anapeza bambo ake, Seu Jurandir, angotsika kumene mumtengo, thukuta kamukamu, dengu lodzaza tizipatso takuda ta açaí lili pamatabwa. Caíque sanadikire n'komwe kuti moni athe.

"Seu Jurandir, mukudziwa kuti tizipatso iti timateteza munthu ku ukalamba?"

Seu Jurandir anavula chisoti, nasisita dazi lake pang'onopang'ono. "Eti? Ndiye ine tandiiwala."

Gleice anamutsina Caíque m'nthiti. Mwamunayo anangomwetulira, ankaganiza kuti ndi chikondi. Abale!

Dona Orlandina anatuluka kukhitchini akupukuta manja, namuyang'ana mlendoyo kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, kenako anangoti, "Khalani, chakudya chapsa." Basi. Palibe za mwayenda bwanji.

Patebulo panali nsomba zokazinga, ufa wokhakhala wa chinangwa, ndi açaí wongofinyidwa kumene, wolimba uja supuni imaima yokha, aliyense chikho chake. Chakudya cha masiku onse, chimene agogo a agogo athu ankadya. Dona Orlandina anatenga nsomba yaikulu kuposa zonse kuti amuikire mlendo.

"Pepani Dona Orlandina, yakazingidwa m'mafuta eti? Ine zokazinga ndinasiya."

Gleice anaponya mwendo pansi pa tebulo ndi mphamvu zake zonse.

"Mayooo!" anakuwa Seu Jurandir. "Iwe Gleice, ine ndalakwa chiyani?"

Kkkkk anamenya bambo ake!

Dona Orlandina anabweza nsomba ija m'mbale mwakachetechete, nakankhira ufa kwa Caíque.

"Aaa ufa ayi, zikomo. Umenewu umanenepetsa."

"Umanenepetsa," anabwereza Dona Orlandina, akuyang'ana amuna awo amene thupi lonse ndi mafupa ndi mitsempha yokhayokha, munthu woti wadya ufa umenewu chibadwire.

Apa Gleice anapemphera chamumtima kuti açaí yekhayo awapulumutse, poti Caíque ankadzitama kuti ku São Paulo amadya açaí m'mawa uliwonse. Mwamunayo anatunga supuni yodzaza, naika m'kamwa, ndiye nkhope inangoima. Tsaya limodzi linanjenjemera. Iye anazolowera wa kwawo uja, wozizira ngati ayisikilimu, wothira manyuchi, amene ife kuno timangomuseka pafoni.

Anaweramira kwa Gleice. "Açaíyu akumveka dothi," ananong'ona. "Sanawonongeke?"

"Meza," Gleice anayankha mano ali okukuta. "Meza, ndipo umalize chikho chonsecho, apo ayi ubwerera kwanu posambira."

Nthawi yomweyo mphika wina unasefukira pamoto, Dona Orlandina anathamangira kukhitchini naitana Gleice kuti adzagwire chivindikiro. Seu Jurandir nawo anadzuka kukathamangitsa galu amene ankanunkhiza dengu. Caíque anatsala yekha. Yekha, ndi chikho, ndi mkoko wa nthochi umene unali lende pafupi ndi zenera.

Pobwera anapeza chikho chili mbee, chonyambitidwa. Caíque ali chikhalire, milomo biii, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Nkhope ya Dona Orlandina inayamba kufewa, ndithu inayamba. Gleice anaona ndi maso ake. Mayiwo anatsegula pakamwa kuti anene chinachake chabwino, kenako maso awo anagwera pambali pa chikho.

"Makoko awa ndi a ndani?"

"Anga," anatero Caíque monyadira. "Ndaduliramo nthochi ziwiri ndi timbewu tanga. Mudzayese Dona Orlandina, zimakoma kwabasi!"

Zii. Ngakhale galu anasiya kutafuna.

"Mariya Woyera, wasakaniza!" Dona Orlandina anagwira kumutu. "Jurandir! Mwana wa eni wasakaniza açaí ndi chipatso m'nyumba mwanga! Afera pano uyu!"

"Amayi, sizipha zimenezo, ndakuuzani kambirimbiri," anatero Gleice.

"Sizipha? Nanga Zeca, mlamu wa azakhali ako, sanadye açaí ndi mango tsiku lomwelo n'kumwalira?"

"Zeca anagundidwa ndi boti, amayi!"

"Atadya chiyani?"

Gleice anangokhala pansi. Mungatsutsane nawo bwanji munthu wotere?

Caíque anaimirira akuseka. "Musadandaule mayi, ine ndili bwinobwino. Ndingosambira pang'ono mumtsinjemu kuti chakudya chitsike."

"Kusambira?! Wangodya kumene?!" Dona Orlandina anatseka khomo ndi thupi lawo lonse. "Iwe mnyamata, unatumidwa kuti udzandiphere pakhomo? Amayi ako ndikawauza chiyani ine? Gona apo!"

Ndipo anagonadi. Chimunthu chonyamula zitsulo chija chinakankhidwa ndi mayi wofika m'khwapa mwake mpaka chinagwera m'machila a pakhonde, miyendo ili panja poti sanakwanemo. Anamuvula malaya. Anamupaka pamimba mafuta onunkha a mtengo aja amene kuno timapaka chilichonse, kaya ndi chifuwa kaya ndi mwendo wobinya. Anamuphikira tiyi wa masamba owawa, namuimirira pamutu mpaka anamaliza kapu yonse, misozi ili mbwembwembwe.

"Gleice, tandithandiza," anadandaula.

"Ine? Ndinakuuza chiyani m'boti muja? Ndinati ungodya basi. Mawu awiri okha. Ungodya. Basi."

"Koma ndadya!"

"Usandiyankhule."

Seu Jurandir anabwera, naima chapatali akumuyeza mlendoyo ndi maso kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Koma ndiye ndi wamtali," anatero modandaula. "Matabwa amene ndili nawo sakwana."

"Ababa!"

"Ndikungonena, mwana wanga. Kukonzekera si kulakwa."

Gleice anatuluka nakakhala pamasitepe olowera kumadzi, akuthothola timitengo n'kumaponya mumtsinje. Anakwiyira Caíque ndi timbewu take. Anakwiyira amayi ake ndi Zeca wawo. Anakwiyira nthochi. Munthu mmodzi amati amadziwa zonse za chakudya chifukwa anawerenga, wina amati amadziwa zonse chifukwa anabadwira momwemo, ndipo iye Gleice ndi amene atsale wopanda ukwati pakati pawo. Boti lamasana linadutsa, woyendetsa anamuimikira dzanja, iye sanayankhe n'komwe.

Kenako anamva kukuwa. "Gleice! Sakuyankha! Thamanga!"

Anathamangadi, poti ngakhale umadziwa kuti ndi zabodza, amayi ako akakuwa chonchi umayamba kukayika. Anapeza Caíque maso ali tseke, pakamwa pali yasa, dzanja lili lende. Dona Orlandina anali atagwada akumuitana, "Mwana wanga, mwana wanga, dzuka," kolona ili m'manja.

Ndiye kunamveka mkonono. Chimkonono! Machila anachita kunjenjemera kkkkk.

"Wagona, amayi. Wamwa chikho chonse cha açaí masana, mumati atani? Ababa aja sagona tsiku lililonse?"

"Mkonono umenewu si wabwino," anatero Dona Orlandina, koma anapumira m'mwamba. Anakoka mpando nakhala pompo, akumukupiza ndi chivindikiro cha poto kuti udzudzu usamulume.

Gleice anaona kuti mwina mpata ndi umenewu. "Ndiye amayi, za nkhani ija mwaganiza bwanji?"

"Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, iwe ukufunsa za ukwati? Unabadwa bwanji iwe?"

Dzuwa litapendeka Caíque anadzuka, tsitsi lili nyankhalala, akununkha mafuta, ndipo mawu ake oyamba anali oti, "Nsomba ija ilipo?" Njala inamugwira yoti za mafuta anaiwala. Dona Orlandina anamukhazika patebulo, namuonetsa ngati mwana: thira ufa mu açaí, takasa pang'ono, luma nsomba, tsatiza supuni. Anayesa. Anayesanso.

"Hii. Ndi nsomba ndiye zikumveka zina," anatero pakamwa pali todzaza. "Dothi lija lapita kuti?"

"Linali m'kamwa mwakomo," anatero Seu Jurandir.

"Ndakupulumutsa lero," anatero Dona Orlandina. "Ukanakhala kwina bwenzi pano tikuimba nyimbo."

"Kunena zoona, madokotala amati..." Caíque anayang'ana Gleice, naona nkhope imene inali pamenepo. "Amati zikomo kwambiri, Dona Orlandina."

Mayiwo anapinda manja pachifuwa. "Kudya ndiye waphunzira. Koma ndisakunamize mnyamata iwe, mtima wanga sunakhazikike. Mwana wanga ndinamulera ndi chakudya chenicheni. Nsomba ya mumtsinje, chinangwa cha m'munda, açaí wa tsiku lomwelo. Za m'mapaketi sanazionepo. Ndimupereke kwa munthu woika nthochi paliponse, azikadya chiyani?"

Gleice anayesa kuponya mwendo kuti Caíque asatsegule pakamwa, koma Seu Jurandir anali atakweza kale miyendo yawo pampando.

"Ndi zimene ndimamuuza tsiku ndi tsiku!" anatero Caíque, maso akuwala, wosadziwa n'komwe kuti akuyatsa moto. "Koma samva! M'mawa ndi mabisiketi. Masana soseji. Madzulo supageti wa m'mapaketi wongothira madzi otentha uja, n'kutsirizira chakumwa cha m'botolo. Masamba ndimachita kumubisira m'chakudya ngati mwana."

Khosi la Dona Orlandina linatembenuka pang'onopang'ono.

"Gleiciane."

Akakutchula dzina lonse ndiye kuti zako zada.

"Amayi, ndimaweruka mochedwa, nthawi yophika..."

"Nanga açaí amene bambo ako amakwerera mumtengo, ine n'kumakutumizira pa boti?"

"Ameneyo amadya ndithu," anatero Caíque pofuna kumuthandiza. "Amangothiramo mkaka wotsekemera wa m'chitini uja."

"Mkaka." Dona Orlandina anagwira tebulo. "Mu açaí. Mkaka. Jurandir, ukumva? Ine ndakhala ndikulirira mwana wa eni, chonsecho maliro ali m'nyumba mwanga momwe!"

"Caíque, ndikupha," anatero Gleice. "Nthochi zakulephera koma ine ndikupha."

"Usamuopseze!" anakalipa mayi ake. "Yekhayu ndi amene akukusamala. Iwe mwana wanga Caíque, umati umamubisira masamba? Amadya?"

"Akapanda kuona amadya."

"Uziwadula ting'onoting'ono, kuyambira ali mwana ndi choncho." Anasendeza mpando kufupi ndi iye. "Tamvera. Ukwatiwu usachedwe, ndipo uchitikira pakhomo pano. Mukatero m'nyumbamo wophika ndiwe. Nsomba ndi ufa ndizitumiza ine. Madzulo aliwonse uzindiimbira, uzindiuza chimene wadya."

"Ndizikutumiziraninso zithunzi za mbale yake."

"Eya! Jurandir, bweretsa foni yanga, alembemo nambala."

Gleice anawayang'ana awiriwo, mitu ili pamodzi, akukambirana za chakudya chake cha m'mawa ngati iye palibe. Chimene anabwerera anachipeza. Amayi avomera, ukwati ulipo, azakhali adzalira. Amayenera kusangalala, ndipo penapake mkatimu ankasangalaladi, koma anali atapezanso apolisi awiri a m'khitchini, wina ku Belém wina kuchilumba, moyo wake wonse.

Seu Jurandir anasendera pafupi naye akunamizira kutola minga ya nsomba patebulo.

"Mwana wanga," ananong'ona, "supageti wa m'mapaketiyo, ulendo wina udzandibweretsereko awiri. Udzabise m'boti, pansi pa ukonde."