Makutu a Kabelu

Kiyibodi yoimbira inayamba kufa kuchokera kumanja. Umu ndi mmene Kabelu anaganizira m'mawa umenewo, ali m'chipinda chake chojambulira nyimbo, tiyi akuzizira pawindo. Anadina kiyi wakumapeto kwenikweni, uja wa kamawu kowonda ngati singano ikagwa pasimenti, koma sipanamveke kanthu. Anadina woyandikana naye, zii. Wachitatu ndiye analira, naye chapansipansi. Anatukwana makinawo, anatukwana amene anawapanga, anazula waya n'kumubwezeranso, anauzira fumbi. Kenako maso ake anagwera pa timagetsi tobiriwira timene timadumpha mawu akamatuluka. Anadinanso kiyi wakumapeto uja, timagetsi tija n'kulumpha mpaka pofiira.

Chitseko chinatseguka, mlongo wake wamng'ono n'kusuzumira, chala chili m'khutu.

"Achemwali, mukufuna kutiboola mitu? Galu wa aneba wathawira kunsi kwa galimoto."

"Ndikuyesa waya," anatero Kabelu.

Chitseko chitatsekedwa anachotsa dzanja pakiyibodipo ngati wagwira chitsulo chamoto. Makinawo anali bwinobwino.

Dzina loti Kabelu silinali la makolo ake. Bambo ake ankakonza mawayilesi, ndipo iye anakulira kunsi kwa tebulo lawo, pakati pa mawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Tsiku lina munthu wina anasiya kiyibodi yowonongeka osabweranso kudzaitenga. Bambowo anaikonza kuti angoona ngati angathe, mwana n'kuilanda. Anzake ankaphunzira gitala ndi kuimba kwaya, iye ali kalikiliki kupotokola mabatani, kusaka mawu amene kunja kuno kulibe chinthu chowatulutsa. Atayamba kuimba pagulu anthu anamuseka mokwanira. Ankati nyimbo zake n'zam'firiji, ena ankati magetsi akazima luso lathera pomwepo. Koma kenako anatulutsa nyimbo ina imene pamwamba pa ng'oma za makina panali kabelu kakang'ono kolira ngati kakuchokera kuseri kwa mitambo, ndipo omwe ankaseka aja ndi amene anayamba kuivina mpaka nsapato kung'ambika. Kuyambira pamenepo dzina lake lenileni linatsala pa chiphaso basi.

Mlongo wake uja poyamba ankamuimbira ng'oma. Kabelu anamuchotsa ntchito n'kugula makina, akuti makina sachedwa ndipo sapempha kukaona chibwenzi. Mlongoyo anakwiya mwezi wathunthu, kenako anabwerera n'kukhala woyendetsa zonse: magalimoto, maholo, atolankhani. Chimodzi chokha sankaloledwa kukhudza, mabatani osakanizira mawu. Pamenepo sipankafika dzanja la munthu wina. Zimbale zonse Kabelu ankasakaniza yekha, ndi makutu ake, ndipo oimba anzake ankabwera ndi nyimbo zawo kuti angozimvetsera n'kunena pamene pakuwola. Pansanja ankaima pafupi ndi masipika aakulu mpaka malaya kumanjenjemera. Akamupatsa zotsekera m'makutu ankazitaya, n'kumati wophika satseka mphuno.

Tsopano wophika uja anali ndi mantha, mantha enieni. Sanauze munthu. Anayamba kuyesa zinthu mobisa ngati wakuba m'nyumba yakeyake. Ankagwedeza makiyi a galimoto pafupi ndi khutu, kumanja kenako kumanzere. Ankatsegula mpopi pang'ono n'kutembenuka kuti amve ngati madontho akugwa. Ketulo inawira mpaka kuuma iye ali pomwepo, chifukwa kamluzu kake sanakamve. Mbalame za pawaya wa magetsi anaziona zikutsegula milomo, n'kudziuza kuti mbalame za masiku ano n'zaulesi. M'malo mwa zonsezi, m'makutu mwake munalowa nyenje imodzi imene sinkapuma, usana wonse ili ndiii. Anthu akamalankhula ankamva mawu koma m'mphepete mwake mutadyeka, ndiye anaphunzira kuyang'ana pakamwa, ndi kuseka ena akaseka. Tsiku lina anaseka mtolankhani akumuuza kuti mayi ake amwalira.

Chimbale chatsopano chinali pafupi kutha, ndipo apa ndi pamene anadzikola yekha. Posakaniza, mawu ang'onoang'ono aja akapanda kumveka, ankakweza batani lake. Osamveka, kukwezanso. Ankakweza mpaka atawamva, mtima n'kukhala pansi, n'kupita pa nyimbo ina. Kwa iye chimbalecho chinali chokoma ngati zakale zija. Anaitana mlongo wake kuti adzamve, n'kumukhazika pampando wapakati, pamene masipika awiri amakumana.

Nyimbo yoyamba isanafike pakati mlongoyo anali atakwinya nkhope ngati waluma mchenga. Yachiwiri itayamba anatambasula dzanja n'kuzimitsa, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire.

"Wayamba liti kugwira makina anga?"

"Achemwali, izi si nyimbo. Zikucheka m'makutu ngati munthu akunola mpeni pagalasi."

"Ndi mmene ana amakono akufunira. Iwe wakalamba."

"Mwina ndakalambadi," anatero mlongoyo. Anaimirira, anapita kumbuyo kwa mpando wa Kabelu, n'kukhala chete. Kapena sanakhale chete. Kabelu anamva kamphepo kofunda pakhosi ndipo anadziwa kuti munthuyo akulankhula, koma pakamwa pake sankapaona. Anasankha yankho limene limalowa paliponse.

"Zimenezo tikambirana mawa."

Mlongoyo anazungulira n'kugwada patsogolo pake kuti aonane maso.

"Ndakufunsani dzina la bambo athu," anatero pang'onopang'ono. "Mukabisa matenda, maliro tidzamva. Zayamba liti?"

Kabelu anakana. Anakana mwaukali, anamukumbutsa amene anamugulira galimoto yoyamba, anamutcha woimba ng'oma wolephera. Mlongoyo anangomusiya mpaka mpweya utamuthera, kenako ananena zimene anali ataganiza kale. Apite limodzi kwa dokotala wa makutu. Dokotala akanena kuti makutu ali bwino, chimbale chituluka mmene chililimu, ndipo iye adzapepesa atagwada pamaso pa gulu lonse la oimba anzawo. Koma akanena zina, Kabelu achoke pa mabatani aja, asiye wina asakanize, ndipo zoima pafupi ndi masipika zithe.

"Ndikachoka pamenepo nditsala ndani?"

"Mutsala achemwali anga."

"Imeneyo si ntchito," anatero Kabelu. Koma anavomera, chifukwa kukana kukanakhala kuvomera komwe.

Kuchipatala anadikira pabenchi limodzi ndi nkhalamba ina yovala kachipangizo kuseri kwa khutu, imene inkalankhula mokuwa ndi mkazi wake za mtengo wa mankhwala. Kabelu anavala magalasi akuda kuti asadziwike, koma mayi wolembera odwala anamuzindikira ndithu, n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo kenakake akumwetulira. Kabelu anamwetuliranso. Sanadziwe kuti inali nyimbo iti mwa nyimbo zake.

Dokotala anali mayi wamfupi, wa manja ozizira ndi mawu okhuthala amene Kabelu ankawamva bwino, mpaka anayamba kulimba mtima. Anamuunika m'makutu ndi katochi, kenako anamulowetsa m'kachipinda kakang'ono ka makoma ofewa, ka chitseko cholemera ngati cha mosungira nyama. Kutsogolo kunali windo lagalasi, ndipo kuseri kwake kunali tebulo la makina ndi mpando wina umene mlongo uja anakhalapo. Dokotala anamuveka mahedifoni n'kumupatsa batani la chingwe chachitali.

"Mukamva kamawu kalikonse, ngakhale kochepa bwanji, mudine. Mukapanda kumva musadine. Mutsinzine, mayi, kuti musamaone manja anga."

Chitseko chinatsekedwa. Kabelu anali atakhala m'zipinda zopanda phokoso moyo wake wonse, koma muno munalibe pobisala. Nyenje ija inadzaza kachipinda konse. Anatsinzina, thukuta likuyenderera m'khwapa.

Kamawu koyamba kanabwera kukhutu lamanja, kokhuthala, kosalala, kopanda chokometsera chilichonse. Anatsala pang'ono kuseka. Mawu amenewa ndi amene iye ankayambira popanga nyimbo iliyonse, mawu osaphika, ufa wake weniweni. Anadina. Kanabwera kena kotsikirapo mphamvu, anadina. Kena kokwererapo, anadina. Ndipo akudina choncho, thupi lake linaona chinthu mutu usanachione: phazi lake linali litayamba kugunda pansi. Dokotalayu anali ndi kayendedwe kake. Ankatulutsa kamawu, n'kupuma, n'kulemba, n'kutulutsa kena, mpata wake wofanana nthawi zonse ngati munthu wopalasa njinga panjira yosalala. Munthu wamba sakanazindikira. Koma Kabelu anali atakhala zaka zonsezi pambali pa makina oimba ng'oma, ndipo mpata ukangobwerezedwa kangapo unkamulowa m'mafupa.

Mawu anapitiriza kukwera, n'kumawonda. Kena anakamva ngati kali kuseri kwa khoma. Kotsatira sanadziwe ngati anakamva kapena anangokalota. Kenako kunalibe kanthu, nyenje yokhayokha. Anaona mabatani ake ali m'manja mwa munthu wina. Anadziona atakhala pampando wakumbuyo m'chipinda chakechake, akugwedeza mutu ngati mlendo. Phazi lija linali likugundabe. Nthawi ya kamawu kotsatira itakwana, chala chinadina chokha.

Palibe chinachitika. Chitseko sichinatseguke, palibe anamukalipira. Anadikira mpata uja n'kudinanso. Anaganiza kuti asadine mofulumira kwambiri, chifukwa munthu womva amachedwa pang'ono, ndiye ankasiya kampata kakang'ono ngati woimba wodziwa kutsalira dala kumbuyo kwa ng'oma. Pena analumpha kamodzi, kuti zioneke kuti kamawu kena kanali kochepa zedi, poti ngakhale makutu abwino ali ndi malire. Anaichita mwaluso ntchito imeneyi, tisamunamizire. Mwina chibadwire anali asanasungepo nthawi bwino chotere. Mapewa anayamba kumasuka. Anayamba kuganiza zoti akatuluka muno akatsitsako pang'ono mabatani aja mwakachetechete, pang'ono pokha, osauza munthu, ndipo mlongo wakeyo adzagwada ndithu pamaso pa gulu lonse. Anadina, anadikira, anadina.

Zinatenga nthawi yaitali kuposa mmene ankayembekezera. Chala chinayamba kutopa. Anadzifunsa kuti kodi mawu okwera chotere amatha liti, popeza ngakhale kiyibodi ili ndi pothera. Anatsegula diso limodzi pang'ono.

Dokotala sanali kugwira makina. Anali atatsamira kumbuyo pampando, manja atapinda pachifuwa, cholembera chili patebulo, akumuyang'ana ndi nkhope yopanda mkwiyo. Pambali pake mlongo uja anali ataphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo masaya ake anali onyowa. Kabelu anatsegula maso onse. Mpata uja unakwana, ndipo onse atatu akuona, chala chake chinadinanso.

Dokotala anawerama n'kulankhula pa maikolofoni, mawu ake okhuthala aja n'kumveka bwinobwino m'mahedifoni.

"Mukhoza kusiya, mayi. Makinawa ndinazimitsa kalekale."

"Koma ndimamva," anatero Kabelu. Mawu ake omwe anamveka ngati a munthu wina.

"Mumamva chiyani?"

Anamvetsera. Anamvetsera ndi mphamvu zake zonse, mmene ankamvetserera nyimbo za anzake pofuna kupeza pamene pakuwola, koma anangopeza nyenje ija.

Chitseko cholemera chija chinatseguka. Mlongo wake analowa, anamuvula mahedifoni, n'kugwada kuti pakamwa pake pazioneka. Anagwira dzanja la Kabelu n'kuyamba kutambasula zala chimodzichimodzi, chifukwa zinali zitaumirira pa batanipo ndipo mwini wake sankatha kuzimasula.

"Ndikuopa," anatero Kabelu.

"Ndikudziwa, achemwali."

"Chimbale chija ukamalize ndiwe. Mabatani onse ukagwire, sindikuletsanso." Ankayang'anabe pakamwa pa mlongo wakeyo. "Koma ukamaliza, usadzandifunse ngati chakoma."