Wotsalira pa Galasi

Honorine ankasesa pakhomo pa tchalitchi chachikulu cha ku Bourges pamene Bambo Delorme anatuluka m'tenti yawo yakuda, zala zili bii ndi mankhwala, atanyamula ngati khanda galasi lonyowa limene anajambulapo chithunzi. Boma linawatuma kujambula matchalitchi akale asanagumuke.

"Mayi, bwerani mudzaone nyumba ya Mulungu yopanda ochimwa."

Honorine sanaseke. Amuna ake, a Firmin oliza mabelu, anadzuka pakama mwamakani m'mawa uja, chifuwa chikulira ngati macheka, ati belu silimva dzanja la mlendo. Makwerero opita ku belu atawakanika, iye anawakhazika pampando m'tchalitchimo pafupi ndi chipilala, nawasiya ndi mawu akuti, "Mukafera pomwepo musandiitane." Mtima unkamutuma kuti akawazonde, mkwiyo n'kumugwira mwendo. Madzi anali atatayika kale, akanawaola bwanji?

Honorine anasuzumira pa galasilo. Zipilala zinali njo, mipando ili m'mizere, mazenera akuda pamene panayenera kuwala. Sanaonemo munthu.

"Nanga anthu mwawaika kuti? Amayi a kumsika alowa ndi madengu ine ndikuona. Ngakhale ansembe adutsa, ndi mimba yawo yonse ija."

"Bokosi langa lojambulira limayang'ana nthawi yaitali, mayi. Choyenda limachiiwala, limasunga miyala yokha. Munthu kungokanda mphuno, kungopuma kumene, amasanduka utsi."

Bambo Delorme anapendeketsa galasilo kudzuwa, kenaka anachita tsinya.

"Aa, koma mkulu uyu wandionongera ntchito. Taonani apa, pachipilala. Chiyambire kujambula sindinaone munthu wodekha chonchi. Mpaka mabatani a jekete akuoneka!"

Honorine anaona chipewa chili pabondo. Anaona mpango umene anawakulunga nawo m'khosi mokalipa, mfundo yake ili pambali momwe anaimangira. Nkhope inatuluka yakuda, ndevu nazonso, koma mzere uliwonse unali gwa, wopanda utsi ngakhale pang'ono. Anali a Firmin, amene dzinja lonse sanamalizepo pemphero la Tikuoneni Maria osatsokomola.

"Palibe kanthu," anatero Bambo Delorme, akupisa m'thumba kufuna kampeni. "Ndipala, ndijambulenso. Boma likufuna miyala."

Honorine anawagwira pamkono.

"Musapale, bambo."

"Mukuwadziwa?"

Honorine anatsamiritsa tsache pakhoma mosamala kuti lisagwe, nakonza duku lake. Kenaka anakankha chitseko, nalowa monyang'ama, ngati wolowa m'chipinda mogona munthu.