Fyuzi ya Makina a Bambo

Bambo anga anali onola matcheni a macheka a injini, odulira mitengo aja. Ntchitoyi anaigwira zaka zoposa makumi awiri m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yathu. Makina awo anali amagetsi, omangidwa patebulo ndi mabawuti awiri. Anali ndi kamwala kozungulira, kopyapyala, kamene ankakatsitsa ndi chogwirira kuti kakhudze mano a tcheni, limodzilimodzi.

Anali munthu wamalamulo. Asanayatse makina ankavala magalasi oteteza maso n'kupinda mikono ya malaya. Mwala sankaugwira pulagi ili m'soketi. Mwala watsopano ankayamba augogoda ndi sikuludilaiva, khutu lili tcheru. Ukalira ngati mphika wong'aluka, ankautaya. "Umenewu ungakuphulikire kumaso," ankatero.

Amayi atamwalira, bambo anayamba kuiwalaiwala. Adokotala anati ndi matenda a muubongo ndipo sachizika. Ndinasiya nyumba imene ndinkakhala n'kubwerera kudzawasamalira. Koma kushedi sindinawaletse, poti kumeneko kokha n'kumene ankaonekabe ngati bambo anga.

Tsiku lina m'mawa, ndikuyanika zovala, kunabwera kasitomala wawo wakalekale, wodula mitengo. Anthu ankangowatcha a Utuchi chifukwa m'mutu mwawo simunkasowa utuchi, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo. Sanapite kushedi. Anabwera kwa ine n'kutulutsa tcheni m'thumba.

"Achemwali, taonani," anatero motsitsa mawu. "Mano a mbali iyi anoledwa mpaka kupsa, achita kubiriwira. A mbali inayi sanakhudzidwe n'komwe. Dzulo macheka amangokhotera kumanzere ngati munthu woledzera. Pang'onong'ono andidule mwendo."

"Pepani kwambiri."

"Sindikudandaula ayi. Madalawa anayamba kundinolera ndilibe ndevu. Koma muziwayang'ana."

Anandisiyira tcheniyo n'kumapita.

Nditalowa m'shedi ndinapeza bambo akusintha mwala. Dzanja lina linali ndi sipanala, lina litagwira mwalawo. Magalasi anali pamsomali, pulagi ili m'soketi, chigongono chawo chikuchita kukhudza swichi. Ndinalumpha n'kuzula pulagiyo.

"Iwe, watani?"

"Simunazule, Bambo."

Anayang'ana pulagi ili m'manja mwangamo, kenako khoma. "Ndinazula ine," anatero, koma mawu awo anali ang'onoang'ono.

Masana atagona, ndinatsegula pulagi ija n'kuchotsamo fyuzi. Ndinaibisa m'thumba la diresi ngati ndikuba m'nyumba ya eni.

M'mawa mwake anapita kushedi monga mwa masiku onse, ine pambuyo. Anadina swichi, makina ali zii. Anadinanso.

"Mwina apsa," ndinanama. "Akalamba makinawa."

Bambo anayatsa getsi lapadenga, linayaka. Anazula pulagi, natenga sikuludilaiva. Munthu amene dzulo lake ankafunafuna nsapato atazivala, vutolo analipeza pasanathe mphindi ziwiri.

"Fyuzi imapsa," anatero. "Koma siipsa n'kuthawa. Ili kuti?"

Ndinaitulutsa m'thumba la diresi. Ndinawauza zonse, za pulagi ndi za a Utuchi, kenako ndinakatenga tcheni ija. Anaiyala patebulo n'kumayendetsa chala pa dzino lililonse, pang'onopang'ono, mpaka kuzungulira yonse.

"Wanola izi akanakhala wantchito wanga, ndikanamuchotsa lero lomwe."

Misozi inkatsika n'kumalowa m'ndevu, iwo osaipukuta.

"Ndiye ndafika pamenepa, mwana wanga?"

Kenako anandikokera mpando wawo.

"Bwezera fyuziyo," anatero. "Khala pampando wangawu. Munthu sangadule mitengo ndi zinthu ngati izi. Mangira tsitsilo kumbuyo. Vala magalasi."

Tsiku limenelo mutu wawo unali mbee, ngati kale. Anandiuza nditsuke tcheni ndi burashi kuti mafuta asamate pamwala. Anandipezetsa dzino lalifupi kuposa onse, chifukwa ena onse amayenera kufanana ndi limenelo, ndipo tinalipaka choko kuti ndidziwe poyambira. Anandionetsa kapendeketsedwe ka chopanira tcheni, pa nambala sate, ndi kamangidwe kake kuti dzino lisagwedere. Kenako anaimirira kumbuyo kwanga, dzanja lili paphewa panga.

"Yatsa. Udikire kaye mwala uthamange. Tsopano tsitsa. Osakanikiza! Kungogunda n'kukweza, kugunda n'kukweza. Ukakanikiza chitsulo chimapsa."

Timoto tinathetheka, ine n'kudzidzimuka.

"Ukuopa timoto, mwana wa wonola? Amayi ako ankayanika zovala pakhomo pomwepa, osaphethira n'komwe."

Ndinaseka, nawonso anaseka. Ndinali nditaiwala kaseko kawo.

Mbali yopsa ija tinaimaliza. Ndinazimitsa makina, tinatembenuza chopanira, ndipo ndinayamba mbali yachiwiri. Dzanja langa linayamba kuzolowera. Nditafika chapakati ndinamva kuti paphewa papepuka. Ndinakweza mwala, ndinazimitsa, n'kucheuka.

Bambo anali ataima chapatali pang'ono, manja ali kumbuyo, akundiyang'ana mwaulemu ngati mlendo.

"Mukunola bwino, mayi," anatero. "Munaphunzira kuti?"

Moyo wanga wonse ndinali "iwe" kwa iwo.

"Kwa bambo anga."

"Oho. Alipo?"

"Alipo."

"Anakuphunzitsani bwino. Mukawapatse moni."

Anatuluka n'kukakhala pakhonde. Ine ndinatsala ndi mano khumi ndi limodzi. Magalasi anachita nkhungu chifukwa cha kulira, ndipo munthu sunola usakuona. Ndinawavula, ndinawapukuta ndi diresi, ndinadikira mpaka maso atauma. Kenako ndinamaliza manowo, ndinazula pulagi, ndinasesa tizitsulo tonse patebulo, n'kuvundikira makina ndi nsalu yake.

Tsiku lomwelo ndinakagula loko n'kukhoma shedi. Makasitomala ena anasiya kubwera, ena amabwerabe, ndipo ndimawanolera masana bambo akagona. Sindinafike pa luso lawo, koma macheka amadula mowongoka.

Bambo sanafunsepo za kiyi. M'mawa uliwonse akamwa tiyi amavala ovolosi yawo, nthawi zina atasemphanitsa mabatani, n'kupita kuseri. Amaima pakhomo la shedi, amagogoda kawiri, n'kudikira. Ndikapita kukawatenga amandilozera loko uja.

"Mwini wake sanabwere," amatero. "Tidikire pang'ono."

Ndiye ndimaima nawo pamenepo, mpaka miyendo yawo itatopa.