Nkhope ya Malemu Alfonsi Pagalasi

"Fulemu iyi ndi ya ku Dubai, amayi! Golide wake sachita dzimbiri," anatero Whiteson, akuyala zida zake pakhonde la apongozi ake ku Kasenengwa.

Whiteson anali ndi shopu yoika zithunzi m'mafulemu ku Kapata. Chipata yense ankadziwa kuti lusolo analiphunzira ku Joni, poti mwini wake sankalola munthu kuiwala. Mawa lake kunali mwambo woika mwala pamanda a malemu Alfonsi, bambo a mkazi wake Getrude. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, cha tsiku la ukwati, ndipo chinayenera kutsogolera anthu kumanda chili mufulemu yatsopano. Amene anachiika mufulemu yakaleyo anali Whiteson yemweyo, chaka chimene ankafunsira Getrude.

"Alamu, pakamwa mwatsegula kale, tsegulani fulemuyo tsopano," anaseka Israel, mlongo wake wa Getrude.

Whiteson anazula timisomali. Katoni ya sopo imene anatsekera kumbuyo inali itafufuma ndi chinyezi cha khoma. Ku Joni anamuphunzitsa kuti chithunzi chisamakhudze galasi, m'mbali muzikhala khadi losiya mpata. Koma chaka chija ankathamangira kukagometsa akuchikazi, khadilo sanaikemo.

Abale onse anali atamuzungulira. Kusiya kukanakhala kuvomera kuti analakwitsa, ndiye anakoka pepala la chithunzicho.

Linatuluka ndi mkwatibwi, maluwa ndi suti ya mkwati. Nkhope ya Alfonsi inatsala pagalasi, itamatirira.

Getrude anagwira pakamwa. Amayi Magalita, mkazi wa malemuyo, anayandikira nayang'ana galasilo nthawi yaitali.

Whiteson anagwada, maso pansi. "Amayi, kutauni kuli makompyuta. Tingapange ina yokongola kuposa..."

"Ine sindinakwatiwe ndi wa pakompyuta," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Abwezereni mutu wawo, atate."

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, ngati kuti aliyense wakumbukira ntchito. Whiteson anatsala yekha, akusuntha pepala pang'onopang'ono mpaka khosi linakumana ndi kolala. Anatseka mufulemu yakale yomwe ija. Kamzere koyera kanatsala pakhosi pa malemu.

Mawa lake, pamene anthu ankanyamuka, katekisiti anaona fulemu yagolide itatsamira khoma, ilibe kanthu.

"Yokongola chonchi ndi ya ndani?"

Whiteson, amene anali kumbuyo atasenza mabenchi, sanatukule mutu. Kutsogolo Amayi Magalita anayamba nyimbo, chithunzi chili pachifuwa, chala chawo chachikulu chitaphimba kamzere kaja mpaka kumanda.