Dzina la pa Mtanda

Enelesi anakhala pa chitini cha penti, manja ali pamiyendo, akuyang'ana mtanda wathabwa umene unatsamira khoma la shopu ya a Thomson pa Phalombe Boma. Unali utapakidwa kale zoyera. Chotsala chinali dzina la mwana wake, amene malungo anamutenga masabata atatu apitawo ali Sitandade 2.

Mchimwene wake Goodman anayala mapepala atatu pa benchi, nawapsinja ndi mwala.

"Buku la kusikelo likuti Sitafodi," anatero a Thomson, burashi ili kukhutu. "Khadi la ubatizo likuti Stanford. Aphunzitsi analemba Staford, f mmodzi. Ndiye ndilembe liti?"

"Ma f awiri, bambo," anayankha Goodman. "Ndi dzina la mzungu wa ku esiteti ya tiyi kumene alamu anga ankagwira ntchito asanalowere ku Joni. Dzina lolemera limenelo."

"Lolemera n'Stanford, la anthu ovala tayi," anatsutsa a Thomson. "Dzina lenileni limenelo. Linalo limamveka ngati la thirakitala."

Amuna akapeza mkangano wa Chingerezi saona dzuwa kupendeka. Wokonza njinga wa pafupi naye anaponyamo lake, kuti f mmodzi akwanira, penti yadula. Enelesi ankangowamva ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Sukulu sanaipondeko, ndipo mapepala atatuwo kwa iye anali mapazi a nkhuku basi. Mwa mayina onsewo panalibe limene analiitanapo.

Iye ankati Tafo. Pomudzutsa, pomutuma kumjigo, pomukalipira akang'amba yunifomu, anali Tafo. Koma tsiku la maliro apongozi ake anayankhula pakati pa azimayi, mosakweza mawu n'komwe.

"Mwana kumamuitana Tafo, Tafo, m'mawa ndi madzulo. Tafa, tafa. Mumayesa imfa ilibe makutu?"

Enelesi sanatsutse, sanalirenso. Mumtima munangoti zii, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzinalo silinatulukenso pakamwa pake. Ankati "mwana uja", ngati akunena wa eni. Mwina apongoziwo ananena zoona. Mwina kwa zaka zisanu ndi zitatu anakhala akuitana chinthu china, ndipo chinthucho chinavomera.

"Achimwene, tatopa nazo," anatero a Thomson potsiriza. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi, inu mumamuitana bwanji?"

"Achemwali, ingonenani Stafford," Goodman anafulumira. "Linalo lisiyeni, anthu ayamba kale kuyankhula. Mukufuna azikaliwerenga kumanda?"

Enelesi anayang'ana thabwalo. Anaona kuti akavomera, pamandapo padzagona mwana wa mzungu wa tiyi, kapena mwana wa buku la kusikelo, ndipo wake sadzakhala paliponse. Anatsegula pakamwa kuti anene pang'onopang'ono, mwaulemu, koma lilime limadziwa njira imodzi yokha. Dzinalo linatuluka mmene linkatulukira pakhonde, lalitali, lokwera kumapeto.

"Tafooo!"

Wokonza njinga anasiya kupopa. Mayi wogulitsa nandolo patsidya pa msewu anatembenuka kuti aone mwana amene akuitanidwayo. Enelesi naye anadikira, monga ankachitira, kanthawi kokwana kuti munthu ayankhe ali kuseri kwa nyumba.

Goodman anapinda mapepala ake. A Thomson anaviika burashi mu penti yakuda.

"Zilembo zinayi," anatero motsitsa mawu. "Pansi pake 1994 ndi 2002. Malo atsala ambiri, mayi. Ndiwonjezere vesi?"

"Ayi. Anali wamng'ono."

A Thomson anamuuza kuti adikire penti iume, koma mitambo inali itaphimba kale phiri, ndipo kwawo kwa Jenala n'kutali. Anakwera pa kaliyala ya njinga ya Goodman, mtanda ataukumbatira pachifuwa kuti fumbi lisaudetse. 

Potsika pakhomo, Goodman anamuloza pabulauzi. Dzinalo linali litadindika pamenepo, lakuda, lotembenuka.

"Mukachape msanga ndi parafini, achemwali, isanalimbe."

Enelesi anaweramira pachifuwa pake. Sakanadziwa kuti zilembozo zatembenuka. Anaziwerenga ndi chala, chimodzichimodzi, zinakwana zinayi, ndipo analowa nazo m'nyumba.