Fabian Sanaphonyepo Msonkhano

Malamulo a bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, la ife a pa fakitale ya zofunda, ankati bodi izikumana kamodzi pa mwezi. Mu 1978 tinakumana kamodzi basi, mu Januwale, tsiku lomwe kunali nyama ndi mowa. Ine Abson ndinali mlembi, ndipo ndikakumbukira ndimafuna kulavula.

Fabian, mnzathu wa m'bodi, anamwalira mu Malichi. Mkazi wake Exildah ankafuna ndalama zomwe malemuyo anasunga kuti anyamule ana ndi katundu kubwerera kwawo ku Luapula, poti nyumba ya ku Kabwata inali ya kampani. Ndalamazo sizikanatuluka bodi isanakhale pansi. Mayiyo ankabwera Lachisanu lililonse, mpaka benchi ya pakhomo pa ofesi inamuzolowera. Koma wapampando, a Chibesa, analibe mpata: lero msonkhano wa chipani, mawa kukaombera m'manja alendo ku bwalo la ndege.

Mu Okutobala tinamva kuti kukubwera woyendera mabuku wa boma. Mpata unapezeka tsiku lomwelo. A Chibesa anandiitanira kwawo ku Woodlands nandikhazika pakhonde.

"Ba Abson, lembani maminitsi ya miting'i ya mwezi uliwonse. Ni vopepuka chabe."

"Miting'i ifuna banthu basanu," ndinatero. "Babili banayenda ku Copperbelt. Tasala folo."

"Ikanipo Fabian. Azadandaula kuli ndani?"

Ndinalemba, manyazi nditawasiya pa geti. Mu Epulo Fabian anavomereza mfundo. Mu Juni anatsegula msonkhano ndi pemphero. Nkhani ya Exildah yokha ndiyo sinkanalembeka, chifukwa sungagawe chuma chamasiye mwini wake ali pomwepo akupemphera.

Woyenderayo anabwera Lachisanu. Kunkatentha, choncho chitseko cha ofesi chinali chotsekula. Anawerenga buku la maminitsi mokweza, akugwedeza mutu mokhutira, a Chibesa akumwetulira ngati mkwati.

"Mabungwe ena akanatengera inu," anatero woyenderayo. "Makamaka a Fabian awa, sanaphonyepo ngakhale kamodzi."

Anadinda chidindo, ndipo awiriwo anapita kukadya ku Cairo Road. Ine ndinatuluka mutu uli pansi, koma benchi inali panjira. Exildah anaimirira, nakonza chitenje chake chakuda. Sanakweze mawu.

"Ba Abson, popeza bamuna banga bamabwela ku miting'i, mukabauzeko kuti pa Mande batichosa mu nyumba."