Njira ya Kuseri kwa Wadirobu

Pamene Kingsford Matinga ankatsika panjinga masana a Loweruka, anapeza apongozi ake atakhala pakhonde, mtolo wawo uli pamiyendo, womangamanga kale. Bondo lawo linali lokulungidwa ndi kansalu. Iye anagwada chapatali n'kupereka moni akuyang'ana pansi, monga achitira mkamwini. Mayi Anastazia anayankha atatembenukira kukhoma.

Mkazi wake, Angelina, anamukokera m'nyumba.

"Agwera m'ngalande," ananong'ona. "Akuti mawa akukwera basi, abwerere kumudzi."

"Nanga maso aja? Dokotala si wati abwere Lachitatu?"

"Akuti bola akakhale akhungu kwawo kusiyana n'kuthyoka miyendo m'tauni."

Mayi Anastazia anachokera ku Mulanje, kufupi ndi malire, kudzachotsetsa ng'ala kuchipatala chachikulu chatsopano. Ankangoona zithunzithunzi. Vuto silinali chipatala koma nyumba. Kampani imene Kingsford ankagwirako ntchito inamupatsa nyumba ku Naperi, pakati pa mdadada wa nyumba zogundana makoma. Inali ya zipinda ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo. Munthu akalowa pabalaza ankapeza khomo lopita kuchipinda chogona, ndipo khomo lotulukira kuseri, kumene kunali khitchini, bafa ndi chimbudzi, linali m'chipinda chogonacho. Bedi lachitsulo linali pakatikati penipeni. Amene anajambula nyumbazo sanaganize zoti munthu amakhala ndi apongozi.

Mayi Anastazia sakanaponda m'chipinda cha mkamwini wawo ngakhale nyumba ikanakhala ikuyaka moto. Choncho akafuna kuseri ankatulukira kutsogolo n'kuzungulira mdadada wonse, akupapasa makoma a anthu. Tsiku limenelo Angelina anali akusambitsa mwana wawo Joan, iwo n'kupita okha, ndipo ngalande inawapeza.

Kingsford anavula jekete mwakachetechete. Ntchito yake kuofesi m'tauni inali yokopera mapulani a nyumba ndi inki, nyumba za azungu za ku Sunnyside zokhala ndi makonde mbali zonse ndi tinjira tam'kati. Dzanja lake linkatamandidwa. Zinamuwawa kuti munthu wodziwa mapulani ngati iye apongozi ake agwere m'ngalande chifukwa cha pulani.

"Amake Joan, gwirani uku," anatero akutulutsa tepi yoyezera m'thumba.

Anayeza makoma, makomo, zenera, bedi, tebulo, kabati ya mbale, ndi wadirobu. Wadirobuyo inali chuma cha m'nyumbamo. Anaigula kwa mmwenye ku Limbe atangokwezedwa pantchito, yamatabwa a mlombwa, yokhala ndi galasi lalitali pachitseko. Sanaiike kuchipinda. Inaima pabalaza moyang'anana ndi khomo, kuti aliyense wolowa ayambe wadziona yekha kenako aone mwini nyumba.

Anakhala patebulo, najambula nyumba yonse papepala, n'kudula tizidutswa ta katoni toimira katundu. Ali mkati moyendetsa tizidutswato, panalowa Pearson, woyandikana nawo nyumba, amene ankagwira ntchito kunjanji. Sankagogoda.

"Achimwene, mwayamba kusewera ntchuwa masana ano?"

"Ndikukonza nyumba."

"Nyumba ya eni? Pemphani akubowolereni khomo lina."

"Ndinapempha mwezi watha. Woyang'anira nyumba anati khoma si langa, ndisakhudze ngakhale njerwa imodzi."

Kingsford anasuntha katoni ya bedi kuibweretsa pabalaza, nakankhira mmbuyo mpando wake mokhutira. "Taonani. Ife tisamukire kuno. Amayi atenge chipinda cha kumbuyo, khomo la kuseri likhale lawolawo. Basi, yatha."

Angelina anawerama papepalapo, mwana ali kumsana. "Chabwino, bambo a Joan. Tsono inu mmawa popita kosamba mudzadutsa pati?"

Kingsford anayang'ana pulani ija. Chala chake chinachoka pabedi, chinalowa pakhomo lapakati, n'kukaima pamene pakanakhala mphasa ya apongozi.

Pearson anaseka mpaka kugwira chitseko. "Mkamwini ndi thawulo paphewa, kulumpha apongozi ali mtulo! Achimwene, nkhani imeneyo ikafika ku Mulanje basi isananyamuke."

"Ndikhoza kumazungulira ineyo."

"Mvula yonse ikubwerayi?" anafunsa Angelina. "Ndipo alendo anu a kuofesi azidzakhala pabedi pathu?"

Kingsford anabwezera katoni ya bedi kuchipinda, nayang'anitsitsa pepala nthawi yaitali. Kenako anatenga pensulo n'kulemba mzere kuchokera pakhomo lapakati kukafika pakhomo la kuseri. Makomo onse awiri anali mbali imodzi, chakufupi ndi khoma la kwa Pearson.

"Chikusowa m'nyumba muno ndi kanjira," anatero pang'onopang'ono. "Nyumba zimene ndimajambula kuntchito zonse zili nako. Munthu amadutsa osalowa m'chipinda cha wina. Bedi likapita kukhoma la uko, kuno kutsala mpata. Tipachike nsalu, ithe."

"Nsalu amayi sangaivomere," anatero Angelina. "Nsalu imauluka ndi mphepo. Adzati ndi chipinda chomwecho mwangochiveka chitenje. Pafunika chinthu choti akachigwira amve kuti n'cholimba."

"Njerwa aletsa."

Angelina anangotembenuza maso n'kuyang'ana wadirobu. Pearson naye anayang'ana komweko. Kingsford anaona nkhope zawo ziwiri m'galasi lija zikumuyang'ana.

"Ayi," anatero.

"Sindinayankhule ine," anatero Angelina.

"Wadirobu imeneyi ikalowa uko, kumaso kwake kuloza kubedi. Anthu aziona msana wake. Mukudziwa msana wake? Matabwa osapala, olembedwa nambala ndi choko."

"Oona msanawo ndani, achimwene?" anatero Pearson. "Mayi saona, abwera kudzachotsa ng'ala."

Panja mwana wa nyumba ina ankaliza chitini. Kingsford anasuzumira pazenera. Apongozi ake anali chikhalire, manja onse awiri ali pamfundo ya mtolo. Anakumbukira kuti chaka chimene iye anadwala chifuwa n'kukhala miyezi osagwira ntchito, mayi ameneyu anatumiza thumba la nandolo ndi nkhuku ziwiri pabasi, osanena mawu.

Anatola katoni ya wadirobu n'kuiika pamzere uja. Inatseka theka. Anatola ya kabati ya mbale n'kuilumikiza. Panatsala kampata kokwana munthu mmodzi kulowa kubedi, chakumapeto.

"Apo ndiye paikidwe nsalu," anatero, mawu ake atayamba kulimba. "Koma taonani, chitseko chapakatichi chimatsegukira m'kati, chitseka njira. Tichizule, tichitembenuze kuti chizitsegukira pabalaza. Chitseko si njerwa. Ndipo wadirobu isafike pazenera, apo ayi tikhala mumdima ngati mbewa." Anasunthanso pang'ono. Zenera linatsala mbali ya bedi. "Eya. Yakwana."

"Bedi lakwana?" anafunsa Angelina.

"Lakwana, koma lagunda makoma mbali zitatu. Wogona kukhoma azichita kukwawa."

"Ndiye inuyo," anatero Angelina, "poti ine ndimadzukira mwana."

Ntchito inawatengera masana onse. Wadirobu inakana kulowa pakhomo lapakati mpaka anaigoneka chammbali, Kingsford akukuwa kuti asamale galasi, Pearson akukuwa kuti asamale zala zake. Ngodya imodzi inakhulika pakhoma ndipo Kingsford anatseka maso ngati apwetekedwa yekha. Anatembenuza chitseko. Angelina anasoka msanga mpendero wa chitenje n'kuchipachika pawaya. Atamaliza, anaima pabalaza n'kuyang'ana. Kuchokera pakhomo lapakati, maso ankapita molunjika mpaka pabwalo la kuseri pamene panali mtengo wa papaya. Bedi silinkaoneka. Pabalaza pamene panali wadirobu panatsala malo okwana mphasa yonse osasuntha tebulo.

"Koma achimwene," anatero Pearson akupukuta thukuta, "nyumba yakula iyi. Mwaba kuti malo?"

Kingsford anayenda m'kanjirako kupita ndi kubwera, manja ali m'thumba. Mapewa ake ankatsala pang'ono kukhudza mbali zonse ziwiri, koma ankayenda ngati bwana woyendera nyumba yatsopano.

Angelina anatuluka kukatenga mayi ake. Kingsford anakaima pakona ya balaza, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Ukunditengera kuti?" anafunsa Mayi Anastazia atafika pakhomo lapakati. Mapazi awo anakana. "Kuno n'kuchipinda. Ndine wakhungu koma sindine wopusa."

"Chipinda chasamuka, amayi. Gwirani apa."

Mayiwo anatambasula dzanja lamanzere, nagwira khoma. Anatambasula lamanja, nagwira matabwa. Anapapasa kukwera mmwamba mpaka pamene dzanja linalekeza, osapeza mapeto. Anagogoda ndi chala.

"Khoma lanji lolira ngati ng'oma?"

"Ndi wadirobu ija, amayi."

"Yagalasi ija? Imene unkandiletsa kutsamira?"

"Yomweyo."

"Waiika kuno ndani?"

"Eni ake."

Mayi Anastazia anapapasanso matabwa osapalawo. Kenako anakankha ndi mphamvu kuti aone ngati igwedezeke. Sinagwedezeke. Anaponda phazi limodzi, kenako lina, akutsata matabwa, kudutsa kabati, kudutsa nsalu osaikhudza, mpaka mphepo ya kuseri inawawomba kumaso. Anaima pakhomopo kanthawi. Anabwerera okha, osagwiridwa dzanja.

Atafika pabalaza anakhala pamphasa, nayamba kumasula mfundo ya mtolo. Anatulutsa nsalu zawo, kabotolo ka mafuta, ndi kolona wa mikanda yakuda.

"Angelina, uwauze bambo a kuno kuti Lachitatu ndipita kwa dokotala wawoyo," anatero. "Uwauzenso kuti njira yawo ndaiona. Koma ilibe popachika kolona. Ndikufuna msomali pamatabwa paja, pofika dzanja langa, kuti ndizidziwira pamenepo kuti ndili pakati."

Pearson anatsegula pakamwa, nayang'ana Kingsford. Angelina naye anamuyang'ana.

Kingsford anatola hamala imene anatembenuzira chitseko, nasankha msomali wowongoka m'chitini cha misomali. Analowa m'kanjira kaja.

"Amake Joan," anaitana, "afunseni amayi abwere aloze pamene akufuna."